Galimoto ya Malemu ndi Chitini cha Polishi

Ana anga, mwakula mukundiseka kuti ndine wamantha, ndipo sindikukana. Ndimaopa agalu, ndimaopa jakisoni, ndimaopanso amayi anu akangoti zii osayankhula. Koma amenewo ndi mantha amasewera. Mantha enieni, aja otsekereza chakudya pakhosi, ndinawadziwa kamodzi kokha pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Chulu, ndipo anabwera chifukwa cha penti wa galimoto. Inu munali ana, munkangoona bambo anu akuboola mabowo atsopano pa lamba. Popeza tsopano ndapuma pantchito, ndati ndilembe kuti mudziwe chimene chinkandiondetsa.

Zaka za thirakitala ndi lole

Ndinafika pa esitetiyo ndi laisensi yatsopano m'thumba ndi malaya awiri m'jumbo. Mwini wake anali bwana Chidzalo, mphunzitsi wakale amene anasiya choko n'kuyamba kulima fodya wa bale. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati munthu woonda chonchi sangathyole mpando, ndipo anandipatsa thirakitala. Ndinkatuta mitengo yomangira zigafa, feteleza, ndi chimanga chogawira matenanti amene ankabwera ndi mabanja awo kuchokera ku Dedza, ku Mulanje ndi kwina. Kenaka ndinakwera pa lole, kunyamula mabelo kupita ku okushoni, kumene tinkatha masiku pamzere tikudya mbatata zootcha. Bwana ataona kuti sindimwa mowa ndiponso liwiro ndimaliopa kuposa nkhalamba, ananditenga kuti ndiziyendetsa galimoto yawo. Inali yobiriwira, ya zitseko zinayi, yakale kuposa ukwati wanga, ndipo ankaikonda moti mlendo akaitsamira ankamupatsa mpando msangamsanga.

Ntchito imeneyo inabwera ndi nyumba ija munabadwiramo, ya malata, ya zipinda zitatu, pafupi ndi mjigo. Koma muyenera kudziwa mmene zinkakhalira pa esiteti. Nyumba inkayendera limodzi ndi makiyi. Munthu akachotsedwa ntchito, thirakitala inkabwera pakhomo pake ndi ngolo yopanda kanthu, katundu ankakwezedwa, banja lonse pamwamba, n'kukatsitsidwa kumsewu waukulu. Zimenezi sindinachite kumva kwa anthu. Pamene ndinali pa thirakitala ndinkatumidwa ndine, ndipo ndikukumbukira mayi wina atakhala pamtondo wake m'mbali mwa msewu, nkhuku ili pamiyendo, akundiyang'ana pamene ndinkatembenuza ngolo. Ine kwathu kunalibe munda woti ndingabwerereko, ndipo kwa amayi anu, ku Njombwa, malo anali atagawidwa kale.

Bwana ankakalipa mpaka mitsempha kutuluka pakhosi, koma pofika masana anali ataiwala. Akazi awo, amene tonse tinkangoti adona, sankakalipa ndipo sankaiwala. Anali namwino wopuma, wamtali, woyankhula motsitsa mawu. Akakuitana pakhonde, unkayamba wadzifunsa machimo ako onse a chaka chimenecho usanafike pa masitepe.

Chaka chimene mafuta anasowa

Bwana anamwalira nthawi ya dzinja, fodya ali m'mawondo. Esiteti inatsala m'manja mwa adona, ndipo galimoto yobiriwira ija anailetsa kuyenda. Inangokhala kuseri kwa nyumba, kunja kwa galaja, dzuwa ndi mvula zikusinthana, nkhuku zikugona pamwamba pake, mpaka penti anasuluka ndipo dzimbiri linayamba m'munsi mwa zitseko. Ine ndinkawayendetsa pa lole akafuna kupita ku boma, ndipo ngakhale zimenezo zinali za apo ndi apo, chifukwa ndi nthawi ija mafuta anasowa m'dziko muno. Tinkaima pamzere ndi zigubu kuyambira m'mawa, ena akukangana, ena akugulitsa mandasi, n'kubwerako chimanjamanja.

Fodya wa chaka chotsatira atagulitsidwa, adona anandiitana. Anati mu Ogasiti kudzakhala mwambo woika chiliza pamanda a bwana kwawo ku Wimbe, ndipo akufuna kuti adzapite kumeneko pa galimoto ya amuna awo, ili ngati mmene inalili iwo ali moyo. Ndinaikokera ku boma kwa a Gondwe, bambo wa kumpoto amene ankawongola ndi kupenta magalimoto kuseri kwa msika. Penti nayenso anali atasowa ngati mafuta omwe. A Gondwe anayenda m'masitolo, kutumiza uthenga ku Lilongwe, mpaka anapeza zitini zochepa za mtundu wobiriwirawo, ndipo anandiuza kuti zimenezo ndi zomaliza, ndikadzaikanda ndisadzabwerenso kwa iwo.

Tsiku limene ndinapita kukaitenga, kumapeto kwa Julayi, ndinaima kukamwa kuli yasa. Inali itabwerera utsikana. Ndinatambasula dzanja kuti ndiisisite, a Gondwe anandimenya pamkono.

"Pulikani, dada," anatero. "Penti uyu wauma pamwamba pokha. M'kati sanakhwime. Inu ndinu a ku fodya, mukudziwa tsamba louma m'mbali koma mtsempha wapakati ukadali ndi madzi. Mukalidinda m'belo limatani?"

Ndinati limaola.

"Basi. Polishi amatseka penti ngati belo. Miyezi itatu osapaka kanthu. Yayi, osayerekeza."

Anandifotokozera zambiri ndili chiimire. Anati mankhwala osungunulira penti amatuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi, ndipo ukawatsekera ndi polishi, kuwala kumafa, pamatuluka mawanga otuwa ngati zipere, mwina tsiku lomwelo, mwina pakapita sabata. Anati ndiziitsuka ndi madzi okhaokha ndi kansalu kofewa, pamthunzi, osati ndi sopo waufa. Ndisaiimike pansi pa mtengo chifukwa cha zitosi za mbalame ndi utomoni, ndisaifunditse tenti, ndipo fumbi ndisalipukute louma. Ndinabwerera ku Chulu ndikuyenda ngati ndanyamula mazira, apanjinga akundipitirira n'kumandiseka.

Chitini

Adona anatuluka, anaizungulira galimotoyo kamodzi. Anatsegula chitseko chakutsogolo, anaweramira m'kati, anatsekanso msanga. Kenaka analowa m'nyumba n'kubwera ndi chitini chozungulira, chakale, chokhala ndi polishi uja wolimba ngati phula. Ndinachizindikira, chinali cha malemu, chimene sankalola wina aliyense kuchigwira. Anandipatsa m'manja, nati ndipake galimoto yonse tsiku la chiliza lisanafike. Tsikulo linali patsogolo ndi masabata ochepa chabe.

Ndikanayenera kuyankhula pomwepo, koma ndinaopa. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, ndipo ndinapita kunyumba chitini chikunditentha m'manja. Amayi anu ndinawapeza akusenda mtedza pabwalo. Nditawafotokozera, anati nkhaniyi ndi yosavuta: ndiitsuke bwinobwino ndi madzi, ndikumbe polishi pang'ono ndi supuni n'kutaya kuchimbudzi, ndikanene kuti ndapaka. Penti watsopano amawala kale, ndani angadziwe? Ndinawayankha kuti adona anagwira ntchito m'chipatala moyo wawo wonse, wodwala wobisa mapiritsi pansi pa lilime ankamudziwa akadali pakhomo. Bodza limenelo likanadziwika, ngolo ikanabwera tsiku lomwelo. Amayi anu anati ndiye ndingopaka monga ndauzidwira, zikaonongeka wolamula ndi adonawo.

Apo ndi pamene mutu unaima. Ndinkaona galimoto ikufika ku Wimbe, abale onse a malemu ataimirira, mipingo, mafumu, aphunzitsi anzawo akale, iyo ili mawangamawanga ngati mwana wa zipere. Anthu sakananena kuti adona analamula. Akanati dalaivala waononga galimoto ya malemu pa tsiku lawo, ndipo ena, mukuwadziwa anthu athu, akanati malemuwo akukana mwambowo. Penti wina kunalibe m'dziko muno. Ndikapaka ndinkaona ngolo pakhomo, ndikakana ndinkaionanso. Madzulo amenewo sindinadye, ndipo amayi anu anangochotsa mbale osandifunsa.

M'mawa mwake ndinavala malaya a kutchalitchi, sindikudziwa chifukwa chake, ndi kupita pakhonde. Adona ankamwa tiyi. Ndinagwada pa sitepe, ndinaika chitini patebulo chili chosatsegula, ndipo ndinafotokoza zonse zimene a Gondwe ananena. Za tsamba la fodya ndinazinena kawiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mwakana, a Mbewe?"

"Sindinakane, mayi. Ndikupempha kuti tidikire. Mu Okutobala ndidzapaka mpaka muzidzadziona nkhope."

"Chiliza si cha mu Okutobala."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ndikapaka lero ndiwaonongera bwana galimoto yawo. Zimenezo manja anga sangathe."

Adona anayang'ana chitinicho. Ntchentche inatera pa kapu yawo, sanaithamangitse. Kenaka anati, motsitsa monga mwa masiku onse, ndilowetse galimoto mu galaja, nditseke, makiyi onse ndisiye patebulopo. Ngakhale makiyi a lole omwe. Ndinachita zimenezo.

Ogasiti ndi Seputembala

Palibe amene anandiuza kuti ndachotsedwa, palibenso amene anandiuza kuti ndikadali pantchito. Kapitawo wathu, a Zuze, atandiona ndikungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira, anandipatsa khasu kuti ndikathandize kuzula zitsa za fodya m'minda. Ndikawafunsa ngati adona anenapo kanthu za ine, ankangopukusa mutu, nati dzina langa silikutchulidwa n'komwe. Kukalipiridwa kuli bwino, ana anga, chifukwa umadziwa pamene waima. Kusatchulidwa kumakudya pang'onopang'ono.

Tsiku la chiliza linafika. Galimoto yobiriwira inakhala mu galaja chitsekere. Adona anakwera kutsogolo kwa lole, woyendetsa ali mnzanga wina wa pa thirakitala amene magiya ankawalowetsa ngati akuthyola nkhuni. Ine palibe anandiitana, koma bwana anali munthu amene anandipatsa ntchito yanga yoyamba, choncho ndinapalasa njinga mpaka ku Wimbe ndi kukaima kumbuyo kwa gulu. Ndinamva abale a malemu akufunsana kuti galimoto ija inapita kukapentedwa ili kuti, kapena mwina yagulitsidwa mobisa. Ndinamva dzina langa likutchulidwa chapansipansi. Mwambo utatha adona anadutsa pafupi nane moti chitenje chawo chinakhudza gudumu la njinga yanga, koma maso awo sanandione. 

Mu Seputembala a Zuze ananditumiza ku nazale, kudambo, kukathirira mbande za fodya pamodzi ndi matenanti. Munthu amene ndinazolowera chiwongolero ndinayamba kuthamanga ndi zitini zamadzi m'manja onse awiri, m'mawa ndi madzulo. Matenanti ankandiseka mwaulemu, ankati a dalaivala sinthani giya, mwatsalira. Ndinkaseka nawo, koma khutu langa linali kwina. Kuchokera kudamboko msewu wa kunyumba kwathu unkaoneka, ndipo thirakitala ikangolira ndinkaimika zitini pansi kuti ndione ngati ngolo ili ndi katundu kapena ilibe. Tsiku lina inakhotera kwathu ili yopanda kanthu. Ndinathamanga osavala nsapato, minga ndi ziputu zikundibaya, n'kukapeza kuti akungotunga madzi a injini pamjigo. Ndinakhala pansi pomwepo, ndipo amayi amene ankachapa anaganiza kuti ndadwala.

Iwe Limbani unali utangoyamba kumene sekondale ya pafupi ija, ndipo unkabwera madzulo ndi nkhani za aphunzitsi ako atsopano. Ndinkakumvetsera ndikudzifunsa kuti tikakatsitsidwa kumsewu, sukuluyo udzaipeza kuti. Amayi anu sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanalalata. Anangoyamba kuchapa matumba a feteleza n'kumalongedzamo zinthu pang'onopang'ono: mbale za alendo, makatani, zovala za nyengo yozizira, kenaka mabulangete. Anakuuzani kuti akuthana ndi mphemvu. Kwa ine anati ngati ngolo ibwera, isadzatipeze tikutolera zinthu pamaso pa anthu.

Okutobala

Adona anandiitana Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma. Uthenga unandipeza kudambo, ndipo ndinapita ndi matope m'miyendo. Njira yonse ndinkakonza mawu opempha kuti atilole kukhala m'nyumbamo mpaka chaka cha sukulu chithe. Nditafika ndinapeza galaja ili yotsegula, chitini chija chili pa sitepe, pambali pake pali nsalu ziwiri zofewa.

Adona anandifunsa ngati miyezi ya a Gondwe yakwana. Ndinati yakwana. Anati ndiye ndikudikiranji.

Mukhoza kuganiza kuti apo mtima unakhala pansi, koma ndi pamene mantha anafika pachimake. Nanga a Gondwe akanakhala kuti analakwitsa? Nanga penti wa nthawi yosowa uja akanakhala wachabechabe, woti ngakhale utadikira chaka amachitabe mawanga? Ndiye kuti ndinawalanda adona tsiku lawo popanda phindu. Tinakankha galimoto ndi a Zuze mpaka pamthunzi wa nyumba. Ndinaitsuka ndi madzi okhaokha, ndinadikira kuti iume, ndipo ndinayamba pansi penipeni pa chitseko chakumbuyo, pamalo oti pakaonongeka sipaoneka msanga. Ndinapaka kadera kochepa ngati chikhatho. Polishi anauma n'kutuwa, monga amachitira nthawi zonse, koma ine kutuwa kumeneko ndinakuona ngati mawanga aja. Ndinatenga nsalu youma, ndinapukuta, ndipo pansi pake panatuluka kubiriwira kozama, koyera, ndikuonamo nkhope yanga yoonda.

Ndinapitiriza chitseko ndi chitseko, thukuta likugwera pansi. Kutentha kuja kunachititsa kuti fungo la polishi lidzaze bwalo lonse. Ndili pa boneti ndinamva mapazi kumbuyo. Adona anali atatsika pakhonde, ataima pafupi ndi galimoto, maso atatseka, akupuma mozama. Misozi inkatsika, ndipo sankaipukuta. Pa zaka zonse zimenezo, ngakhale pamaliro a amuna awo, ndinali ndisanawaone akulira. Ndinafuna kuchoka, koma anayamba kuyankhula maso ali chitsekere.

"Loweruka lililonse ankalowa m'nyumba ndi fungo ili m'manja. Ndinkawakalipira kuti akasambe asanagwire mbale zanga. Tsiku lija munabwera nayo kuchokera kwa a Gondwe, ndinatsegula chitseko, inkangonunkha penti, ngati galimoto ya munthu wina. Kuwalako sindinkakufuna, a Mbewe. Ndinkafuna ndipite kumanda kuja ndi fungo lawo."

Nsalu inandigwa m'manja. Miyezi yonse ija ndinkaganiza za mawanga, za abale, za ngolo, koma zimenezi sizinandifikepo m'mutu.

"Mayi, mukanandiuza."

"Mukanapaka?"

"Ndikanapaka tsiku lomwelo."

"Ndinkadziwa. N'chifukwa chake sindinakuuzeni. Mukanawaonongera galimoto yawo chifukwa cha ine. Ndiye ndinakwiyira inu, poti wina woti ndimukwiyire panalibe."

Anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa makiyi. Anatambasula dzanja kuti awaike pa boneti, anaima, anayang'ana penti uja, n'kuwaika m'manja mwanga. Anati Lolemba tidzapite ku Wimbe, awiri tokha, ndipo mawindo ndisadzatsegule.

Ndinawayendetsa zaka zambiri pambuyo pake, mpaka maso anga atayamba kuchita nkhungu, ndipo sindinawaipire mtima. Koma pali chimodzi chimene chimandikhalabe mumtima mpaka lero. Akukwera masitepe anatembenuka, nkhope itabwerera mwakale, nandifunsa kuti amayi a Limbani ali bwanji, popeza masiku amenewo sankawaona pamjigo, ndiponso kuti ineyo ndaonda chonchi bwanji, kodi ndikudwala? Ankafunsa ndi mtima woona. Pa miyezi yonse ija sanaganizepo n'kamodzi komwe za nyumba yathu, kapena za chimene makiyi patebulo amatanthauza kwa munthu ngati ine.

Ndinati tonse tili bwino, mayi. Ndinamaliza kupukuta boneti, ndinatseka chitini, ndipo ndinapita kunyumba kukathandiza amayi anu kumasula matumba.